Idleh Sanasutepo Fodya

Idleh anagwa Lachitatu masana, m'nyumba mwanga, ine ndikuona. Anadzuka pamatilesi pake kuti akaswali, nthawi ya pemphero itakwana, n'kuima kaye ngati munthu amene wakumbukira kanthu, kenaka khu! pansi, mutu n'kuphonya thireyi ya makapu pang'onong'ono. M'chipindamo tinalimo amuna khumi ndi mmodzi, aliyense kupatula iye tsaya lili tuu ndi masamba oledzeretsa otchedwa khati, ndudu ili m'zala. Ndinene zoona, palibe amene anazima ndudu yake. Ine ndemwe ndinamuthamangira yanga ili pakamwa, phulusa n'kumagwera pamalaya pake.

"Mpatseni mpweya!" anakuwa Houmed, dalaivala wa minibasi amene pakamwa pake sipatsekeka, uku akumukupiza ndi nyuzipepala. Mpweya wake uti? Ankangomukankhira utsi womwewo kumaso.

Atatsegula maso, mawu ake oyamba anali akuti, "Swala yandipita?" Tonse tinaseka, kuseka kwa anthu amene achita mantha. Ndinamugwira pamkono kuti ndimudzutse, ndipo pansi pa chala changa ndinamva mtsempha wake ukuthamanga, kuima, kuthamanganso. Kuyambira tsiku limenelo nanenso mtima sunakhale m'malo.

Idleh ndi ine tinadulidwa tsiku limodzi ku Ali Sabieh, iye osalira, ine kulira mudzi wonse kumva. Titakula tinatsikira kuno kumzinda wa Djibouti, ine kukayendetsa makina okweza katundu kudoko, iye kukagwira mabuleki a sitima yakale ya ku Dire Dawa mpaka sitimayo inatopa iye asanatope. Moyo wake wonse munthuyu sanatafunepo khati, sanaikepo ndudu pamlomo. Chake ndi tiyi wamkaka basi, n'chifukwa chake anzathu amamutcha Shehe wa Tiyi. Kale ankabwera kumabrazi kwanga, kuchipinda chimene amunafe timachezeramo masana, Lachisanu lokhalokha. Mkazi wake Nima atamwalira zaka zinayi zapitazo, anayamba kubwera tsiku ndi tsiku, woyamba kufika, womaliza kuchoka. Sankalankhula zambiri. Ankangokhala, kapu ili m'manja, kumvetsera ife tikukonza dziko ndi pakamwa.

Mabrazi angawo ndinkawanyadira, ndisakubisireni. Mumsewu wathu wonse ndine ndekha ndinali ndi makina oziziritsa chipinda. Waberi, amene ali ndi mabrazi kumtunda kwa msewu, ali ndi fani imodzi yolira ngati mbuzi. Kuti kuzizira kusathawe, zenera ndinalikhomera thabwa, m'mbali n'kutsekamo ndi nsanza, pansi pa chitseko n'kumayalapo thaulo lonyowa. Khati akangofika cha m'ma 1 koloko, amuna ankalowa, chitseko n'kutsekedwa mpaka dzuwa kulowa. Malo aulemu, kumtunda kwenikweni kwa chipinda, kutali ndi khomo, kudzanja langa lamanja, ndinapatsa Idleh. Palibe wina ankayerekeza kukhalapo. Ndinkaona ngati ndikumuchitira zabwino.

M'mawa mwake ndinamutengera kuchipatala pagalimoto langa. Anamumata timawaya pachifuwa, n'kumumangirira kabokosi m'chiuno koti kazilemba kugunda kwa mtima masiku awiri. Anamuuza kuti azichita zimene amachita masiku onse, ndiye masana anabwera nako kumabrazi.

"Shehe, kawailesi kakoko kakugwira Addis?" anafunsa Houmed.

"Kakugwira mabodza ako," anayankha Idleh. "Kakadzaza ndikapereka kwa akazi ako."

Patapita masiku atatu tinabwerera kukamva zotsatira. Dokotala wake anali mayi wa msinkhu wa ana athu, wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Bambo, mumasuta ndudu zingati patsiku?"

"Sindinasutepo, mwana wanga."

"Malaya anuwa akukutsutsani."

"Ndiye kuti amasuta ndi malayawa, ine ayi."

Dokotala sanaseke. Anayala pepala lalitali patebulo, lodzaza ndi timizere tokwera n'kutsika, n'kuyamba kuloza ndi cholembera.

"Mtima suyenda wokha," anatero. "Pali mitsempha iwiri youlamula. Wina umaufulumizitsa, wina umaubweza. Mwati munkagwira ntchito kusitima? Ndiye wina ndi woyendetsa, wina ndi wa mabuleki. Mtima wabwino sugunda mofanana ngati wotchi ayi. Mukakoka mpweya umafulumira pang'ono, mukatulutsa umabwerera, chifukwa awiriwa akumvana. Taonani apa, m'mawa: wa mabuleki ali pantchito, ngakhale wakalamba. Tsono taonani apa. Kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 7, masiku onse awiri, wa mabuleki watsika m'sitima. Mtima ukungothamanga mouma, kenaka ukudumpha, apa, apa, ndi apa. Nthawi imeneyi mumakhala kuti?"

Idleh anayang'ana pansi. Dokotala anatembenukira kwa ine, koma sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana zala zanga ziwiri zachikasuzi. Ndinazibisa pansi pa tebulo ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Mumakhalamo angati?"

"Khumi, adokotala. Nthawi zina khumi ndi awiri."

"Zenera lilipo?"

Ndinakumbukira thabwa langa lija, n'kupukusa mutu.

"Sindikunena kuti utsi wokha ndiwo wakalambitsa mtimawu," anapitiriza. "Zaka nazo zachita mbali yake. Koma mtima wotere mukamaukankha maola asanu tsiku lililonse, tsiku lina udzadumpha osabwereranso. Mankhwala ndiwapatsa. Koma utsi wa anzawo asaupumenso."

Pobwerera tinafika pamphambano ya kumsika, pamene magalimoto anathithikana. M'pamene Idleh anatsegula pakamwa.

"Darar, Oubah asamve zimenezi."

Oubah ndi mwana wake mmodzi yekhayo, mphunzitsi, anakwatiwa ku Ambouli. Ukali anatengera mayi ake.

"Iwe, wamva zimene wanena dokotala?"

"Ndamva. Kamtsikana kaja kanabadwa dzulo."

"Ukufuna udzafere m'nyumba mwanga?"

"Nanga ukufuna ndidzafere mwanga, ndekha, adzandipeze ndi fungo?"

Ndinangozindikira kuti ndayatsa ndudu osadziwa, iye ali pambali pangapo. Ndinaiponya pawindo, wa njinga yamoto n'kunditukwana.

Masana amenewo khati sanandikomere. Ndinkatafuna ngati ndikutafuna udzu, maso ali pa Idleh. Akatsokomola, ine dzidzimu. Akasuntha mwendo, ine ndaima kale. Ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezi ndinauona utsiwo bwinobwino. Makina anga okondedwawo ankautenga pakati pa chipinda n'kumaukankhira kumtunda, kukauunjika pangodya pamene ndinakhazika mnzanga. Ife osuta tinkapumako pakati pa ndudu ina ndi ina. Iye ankapuma ndudu za tonse khumi.

Tsiku lotsatira ndinachita chopusa choyamba. Asanafike ndinanyamula matilesi ake ndi mtsamiro n'kukaziika pafupi ndi khomo, pamene kamphepo kamalowako munthu akamatuluka. Ndinaganiza za mpweya, n'kuiwala kuti pakhomo pamakhala ndani: alendo osadziwika ndi aja obwera chimanjamanja kudzapempha timasamba kwa anzawo. Idleh atalowa n'kuona, anatembenukira kwa ine.

"Darar, ndakulakwira chiyani?"

"Si choncho, m'bale wanga. Ndi nkhani ya mpweya."

"Zaka makumi asanu ndi limodzi tili limodzi, lero wandiika pa nsapato?"

Sanakhale pansi, sanatulukenso. Anangoima. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinanyamula ndekha matilesiwo n'kukawabwezera pamalo pake.

Chopusa chachiwiri ndinachichita mawa lake. Ndinatenga hamala n'kuzula thabwa la pazenera. Unali mwezi wa June, mphepo yotentha ija ikuomba. Inalowa ndi fumbi lake, makina n'kuyamba kubuula, masamba a anthu n'kuyamba kufota m'matumba.

"Darar, watiitana kudzatafuna kapena kudzaotchedwa?" anafunsa Houmed, thukuta lili kamukamu. "Ngati watopa nafe ungonena, tili ndi kwathu."

Pamenepo ndinalephera kupirira, ndinawauza zonse: kabokosi, pepala, wa mabuleki wotsika m'sitima. Idleh anandiyang'ana ngati ndamuvula pagulu. Amuna anamva chisoni, si anthu oipa ayi. Onse anazima ndudu zawo. Ena anapita kukamugwira chanza. Theka la ola litadutsa, wina anayatsa mobisa kuseri kwa dzanja. Kenaka wina. Ola lisanakwane thabwa linali litabwerera pazenera, ndipo amene analigwirizira kuti lisagwe ndinali ine, ndudu ili pakamwa.

Zimene zanenedwa kwa amuna khumi zimafika kwa akazi khumi dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake Oubah anali pageti panga. Ndinamuitanira m'nyumba, anakana.

"Amalume, n'zoona kuti munali nawo kwa dokotala?"

"N'zoona, mwana wanga."

"Ndiye masiku atatu onsewa mwakhala mukuwatsekerabe m'chipinda chija?"

"Bambo ako ndi munthu wamkulu. Sindingawathamangitse ngati..."

"Ine ndayesa kuwaletsa, sandimvera. Ndawauza kuti abwere azikhala kwanga, akuti nyumba ya mkamwini si nyumba. Amayi ndinaika m'manda, anditsalira ndi awawa. Tsiku limene Mulungu anawalembera sindikulidziwa, amalume. Koma amene anakhoma zenera ndikumudziwa."

Anatembenuka n'kumapita, osatsanzika. Nditalowa m'nyumba ndinapeza mkazi wanga Saada ataima kuseri kwa chitseko, wamva zonse. Ndinkayembekeza kuti andipepesa.

"Mwana uja wanena zoona," anatero. "Ine zaka khumi ndikuchapa nsalu za m'chipinda chimenecho, madzi ake akuda bii. Munayamba mwafunsapo za mtima wanga?"

Masana omwewo ndinaima pakati pa mabrazi ngati nduna, amuna atangomasula mitolo yawo ya khati.

"Abale anga, kuyambira lero muno mulibe kusuta. Khati tafunani mmene mungathere. Wofuna ndudu, panja."

"Panja pake pati?" anafunsa Houmed. "Pamene mbuzi zikubisala pansi pa magalimoto? Iwe Darar, khati wopanda ndudu ndi tiyi wopanda shuga. Funsa Shehe ngati angamwe."

"Ganizirani za mawa. Mitima imeneyi ndi yanunso."

"Za mawa n'za Mulungu, akulu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Anaseka, koma anamvera. Nyumba inali yanga. Idleh yekha sanaseke, ankangozungulitsa kapu m'manja.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kucheza kwa mabrazi ndi ulusi umodzi, ukaudula sulumikizika. Munthu amayamba nkhani ya momwe anakanganirana ndi wapolisi ku Dikhil, ikafika pokoma atatu atuluka kukasuta. Akabwerera, anyowa ndi thukuta, akwiya, wofotokoza uja naye watuluka. Chitseko tsegu, tseke, tsegu, tseke, kuzizira konse kuthawa. Mikangano ya ndale imene inkatitengera maola atatu inkafa isanatenthe. Tsiku lachitatu anabwera asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu anabwera anayi. Sindinafunse kumene enawo apita, chifukwa mumsewu wathu mabrazi ndi awiri okha, ndipo Waberi anayamba kundipatsa moni mokweza kwambiri.

Womaliza kuchoka anali Houmed. Anaima pakhomo, mtolo wake uli m'khwapa, kukanda m'mutu.

"Usandide, m'bale wanga. Ndayesetsa. Koma muno mwasanduka m'chipatala."

Walira mvula walira matope. Tinatsala awiri m'chipinda cha anthu khumi ndi asanu.

Poyamba ndinadzilimbitsa mtima kuti ndapambana. Idleh ankadzuka kukaswali osadzandira. Maso ake anayera. Ine ndi amene ndinavutika: kukhala pansi osakhazikika, kutuluka kukasuta kuseri kwa nyumba, kusukusula, kubwerera, mphindi makumi awiri kutulukanso. Nthawi iliyonse ndikabwerera ndinkamupeza ali yekhayekha kumtunda kuja, dzanja lili pachifuwa, ngati akumvetsera munthu wolankhula kuseri kwa khoma. Akandiona ankalichotsa msanga.

Ndinayesa kucheza naye. Koma anthu amene adziwana kuyambira ali mbulanda akambirana chiyani chatsopano? Ndikayamba nkhani ya ngamila imene inatithamangitsa ku Ali Sabieh, iye ankaimaliza ndi mawu awiri. Ndinabweretsa wailesi, anati ikumusokosa. Ndinabweretsa madomino, tinasewera kawiri, n'kuwabwezera m'bokosi. Kunkangomveka makina kung'ung'udza. M'pamene ndinazindikira kuti zaka zinayi zonsezi munthuyu sankabwera kudzacheza ndi ine. Zinandiwawa, sindikana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chikhazikitsireni lamulo lija, 2 koloko inakwana Idleh osafika. Tiyi wake anazizira m'fulasiki. Ndinamuimbira foni, inangoitana. Ndinatuluka kukaima pageti, kulowa, kutulukanso. Pofika 3 koloko ndinali ndikuthamanga mumsewu ndi dzuwa limenelo, mdala wa zaka zanga, nsalu ya m'chiuno ili m'manja kuti isandipinge. M'mutu munali chithunzi chimodzi chokha: wagwa m'bafa, chitseko chokhoma. Kunyumba kwake ndinapeza loko panja. Kumzikiti kunali munthu mmodzi yekha, atagona pansi pa fani. Wogulitsa buledi pakona anati anamuona akukwera msewu, wavala malaya ake oyera a Lachisanu.

Kukwera msewu. Ndinaima kaye, kenaka mantha onse aja anasanduka ukali.

Kwa Waberi phokoso linkamvekera panja. Mazenera anali otseka chifukwa cha fumbi. Nditakankha chitseko utsi unandimenya kumaso, ine amene ndasuta kwa zaka makumi anayi mpaka kutsokomola. Amuna anga onse anali momwemo, ndi a Waberi omwe, mwina anthu makumi awiri, mawondo kugundana. Fani ija inkangotakasa utsiwo. Pakati pawo, wothinikizidwa pakati pa Houmed ndi khoma, panali Idleh, kapu ya tiyi ili m'manja, misozi ya kuseka ikutsika m'masaya.

"Ooo, adokotala afika!" anakuwa Houmed. "Bisani ndudu, anyamata!"

"Lowani, a Darar, malo alipo," anatero Waberi, mano onse pamtunda. "Kuno kulibe malamulo."

Ndinangoti, "Idleh, tatuluka."

Anatuluka pang'onopang'ono, akugwira khoma. Tinaima mu kamthunzi kakang'ono ka khonde, mphepo yotentha ikutiwaza mchenga.

"Ndathamangitsa anthu onse m'nyumba mwanga chifukwa cha iwe," ndinatero. "Ndasanduka choseketsa mumsewu muno chifukwa cha iwe. Ndiye iwe ukubwera kuno? Kwa Waberi?"

"Sindinakupemphe, Darar."

"Anandipempha ndi mwana wako! Wamva zimene ananena dokotala kapena makutu nawonso anatsika m'sitima?"

"Ndinamva. Mwinanso kuposa iwe." Anapuma kaye, n'kupukuta kumaso ndi kansalu. "Ukudziwa zimene ndimamva kwanga? Chichokereni Nima, m'nyumba muja mulibe chimene chimalira. Ndiye ndimamva uwu." Anadzigogoda pachifuwa ndi chala. "Ndimaumva ukugunda, ndimaumva ukudumpha. Ukadumpha ndimadikira kuti kodi ubweranso? M'mawa wonse ndimakhala ndikudikira choncho. Kwako kunali malo amodzi okha kumene sindinkaumva. Tsopano kwakonso ndimaumva."

"Koma kumeneko unayamba kuchira, Idleh. Ndinaona ndi maso anga."

"Eya, unayamba kuchira. Ndipo ndinali nawo ndekha maola onse a tsiku. Wandichitira zazikulu, m'bale wanga, palibe wina akanachita. Koma sindingathe."

Ndinafuna kumugwira pakhosi, ndinafunanso kumukumbatira. Ndinaganiza zomukoka ndi mphamvu mpaka kwanga, koma ndikanakamuika m'chiyani? M'chipinda chozizira, choyera, mmene iye ndi mtima wake akanakhala akuyang'anizana mpaka madzulo. M'katimo wina anayamba nkhani, mawu a Houmed n'kumutsutsa, ena n'kulowererapo. Ndinaona mutu wa Idleh ukutembenukira kuchitseko wokha.

"Ola limodzi," ndinatero. "Ola limodzi lokha, kenaka ndikuperekeza."

Anandigwira paphewa, osalonjeza kanthu, n'kulowa. Chitseko chinatsekeka.

Ndinatsala pakhondepo, kulowa osalowa, kuchoka osachoka. Dzanja linapita lokha m'thumba kukafuna ndudu, koma linapeza foni ikunjenjemera. Anali Oubah.

"Amalume, ndikuimbira bambo sakuyankha. Muli nawo?"

"Ndili nawo, mwana wanga."

"Ali bwanji lero? Mankhwala amwa?"

Kuseri kwa chitseko chipinda chonse chinaphulika ndi phwete, ndipo pamwamba pa onsewo panamveka kuseka kwa Idleh, kuja kokoka mpweya ngati akutsamwa. Masiku asanu ndi anayi ndinali ndisanakumve.

"Ali bwino," ndinatero. "Akuseka."

"Ndikuwamva," anatero Oubah, mawu ake atafewa. "Mulungu akudalitseni, amalume. Ndinakulankhulani mwaukali tsiku lija, mundikhululukire."

Sanafunse kuti akusekera m'nyumba mwa yani, ndipo ine sindinamuuze.